Minibasi Yolowa kwa Kachiwala

Lachiwiri lililonse m'mawa, mayi Phyllis ankakankha amuna awo pa chikuku cha odwala kuchokera kwa Kachiwala mpaka pa tala, chakufupi ndi Mpingu. Akafika ankachiimika pambali pa msewu, n'kupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, kenako n'kuyamba kukweza mkono. Maminibasi ochokera ku Namitete ndi ku Msundwe ankadutsa atadzaza kale. Ina ikakhala ndi malo, dalaivala ankachepetsa liwiro, kondakitala n'kusuzumira pazenera, koma akangoona chikuku ankamenya chitseko ndi chikhatho, minibasi n'kupitirira. Anyamata ndi atsikana amene afika pambuyo pawo ankathamangira kutsogolo n'kukwera. Awiriwo ankatsala pomwepo, dzuwa likukwera.

Amuna awowo, a Henderson, anali mphunzitsi wopuma pa ntchito komanso mkulu wa mpingo. Matenda a sitiroko anawagwira nyengo yosankha fodya, ali m'chigafa, ndipo mkono ndi mwendo wakumanja zinafooka. Atatuluka m'chipatala chachikulu cha m'tauni, anauzidwa kuti azibwerako sabata iliyonse kudzachita mafizo, kuti ziwalo zofookazo zidzuke. Chikuku anawabwereka a mpingo. Ana awo anali kutali, wina ku Mzuzu wina ku Joni, motero ntchito yonse inali ya mayi Phyllis: kuwasambitsa, kuwaveka, kuwanyamula, ndiponso ulendo wa Lachiwiriwo.

Kale kwa Kachiwala kunali minda ya chimanga ndi mtedza basi, ndi zigafa apa ndi apo. Koma mzinda wa Lilongwe unali kusendera. Anthu otopa ndi lendi ya m'tauni anagula mapuloti, n'kumanga nyumba za njerwa zootcha ndi mipanda yake, mpaka pamene panali dimba la a Henderson panali pataima golosale. Anthu anachuluka, koma msewu unali womwe uja wa ngolo, wokumbika, wodutsa pakhwawa pamene madzi a mvula anasiya chigwembe chakuya mpaka m'mawondo. Galimoto yonyamula anthu sinkalowako. Aliyense, mwini mudzi ndi wobwera yemwe, ankayenda wapansi mpaka pa tala kukalimbirana mipando yotsala.

Tsiku lina minibasi ina inaima. Kondakitala anatsika monyinyirika n'kuyamba kupinda chikuku, mayi Phyllis akulimbana ndi kukweza amuna awo pakhomo. Mwendo wodwala uja unakodwa pachitsulo cha mpando. M'galimotomo anthu anayamba kudandaula, wina akuti akuchedwa ku ntchito, wina akuti a dalaivala sakuganizira anthu. Bambo wina wovala tayi ananena mosabisa kuti odwala azikwera ambulansi. A Henderson anamva zonsezo. Anakhala pampando wakumbuyo, atapanikizidwa ndi thumba la mbatata, maso ali pansi njira yonse. Anafika kuchipatala nthawi ya mafizo itatsala pang'ono kutha.

Amene ankawachititsa mafizo anali mayi Bridget, munthu wolankhula pang'onopang'ono koma wa manja olimba. Tsiku limenelo anawalandirabe, n'kuwawongola mkono ndi mwendo kwa kanthawi kochepa kamene kanatsalako. Anawauza kuti mwendo wayamba kumvera, ndipo zala nazo zikhoza kubwerera ngati sadumphitsa masabata oyambirirawa, pakuti ndi nthawi imene thupi limaphunzira msanga. Mayi Phyllis anavomera ndi mutu. Sananene kuti kuti afike pamenepo anadzuka nkhuku zisanatsike, ndiponso kuti msana wawo unali utayamba kuwawa ngati wa munthu amene wagwira khasu tsiku lonse.

A Aaron, mng'ono wa a Henderson, ndi amene anabwera ndi nzeru ya kabaza. Anati nthawi ya maminibasi inatha, masiku ano anthu anzeru amakwera njinga yamoto, imene imadzakutenga pakhomo n'kukakusiya pakhomo.

"Alamu, mukudzivutitsa chabe," anatero. "Achimwenewa tiwakhazike pakati, inu kumbuyo, tiwamange ndi chitenje m'chiuno. Odwala onse akupita choncho."

Mayi Phyllis anakayika, chifukwa mayi Bridget anali atanenapo kuti munthu wofooka mbali imodzi sangathe kudzigwira panjinga. Koma anali atatopa, ndipo ganizo loti Lachiwiri limodzi lokha asakankhe chikuku linawakomera. Anavomera.

Njinga inayenda bwino mpaka pakhwawa paja. Potsetsereka tayala lakutsogolo linaterereka pamchenga, a Henderson anapendekera mbali yodwalayo, ndipo chitenje chija chinakoka onse atatu kugwera m'chigwembe. Wakabaza anadzuka ndi zilonda za m'zigongono. Mayi Phyllis anapsa mwendo ndi paipi ya utsi. A Henderson anagwera phewa lodwala, ndipo ngakhale fupa silinathyoke, phewalo linatupa kwa masabata. Anthu amene ankapita pa tala ndi amene anawanyamula kubwerera nawo kunyumba.

Madzulo ake a Henderson anaitana akazi awo. Mawu awo anali olemera chiyambire matendawa, koma anamveka bwino. Anati ulendo wa kuchipatala watha. Anati sakufunanso kuima pamsewu ngati katundu wosowa mwini, kapena kutukwanidwa ndi ana amene akanatha kukhala ophunzira awo. Mayi Phyllis sanatsutse. Kunena zoona, mumtima mwawo munalowa kampumulo, ndipo anachita nako manyazi. A Aaron nawo anasintha mawu. Tsopano ankati munthu wamkulu ngati ameneyu angomusiya apume, za mafizo n'zongotayitsa nthawi, ndipo alamu akapitiriza chonchi nawonso adzadwala.

Mvula inagwa, khwawa linadzaza, chimanga chinakula mpaka kumasula. A Henderson ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mkono uja unayamba kupindikira pachifuwa, zala n'kufumbata, moti posambitsa mayi Phyllis ankavutika kuzitambasula kuti atsuke m'chikhatho. Mwendo umene unali utayamba kumvera unabwerera m'mbuyo. Munthu amene kale ankatsogolera nyimbo m'tchalitchi tsopano ankatha tsiku lathunthu osalankhula.

Mankhwala a kuthamanga kwa magazi atatha, mayi Phyllis anapita okha kuchipatala kukatenga ena. Ali pamzere anamva munthu akuwagwira paphewa. Anali mayi Bridget, amene anawafunsa kuti aphunzitsi aja anasowera kuti. Mayi Phyllis anafuna kuyankha mwachidule, koma atangotsegula pakamwa zonse zinatuluka: za pa tala, za bambo wa tayi, za kabaza, za zala zofumbata. Mayi Bridget anawatengera pabenchi ya pakhonde n'kumvetsera mpaka kumapeto, osawadzudzula.

Kenako anawauza zoona zake. Anati chiwalo chofooka chikakhala osagwedezedwa chimauma, ndipo miyezi imene yapitayo ndi imene inali yofunika kwambiri. Anatenga mkono wa mayi Phyllis n'kuwaonetsa mmene angawongolere phewa, chigongono ndi chala chilichonse kunyumba, m'mawa ndi madzulo, mosakakamiza. Koma anati zimenezo n'zongothandizira, aphunzitsi ayenera kubweranso.

"Abwera bwanji, adokotala? Ine mphamvu zatha."

"Ndikuona, mayi. Koma ndikufunseni. Pa tala paja mumaima nokha?"

"Ayi, timakhalapo ambiri. Tsiku lililonse ndi chigulu."

"Ndiye vutoli si lanu nokha, ngakhale mwalisenza nokha. Chigulu chimenecho chinayamba chakhalapo pansi n'kulankhula ndi eni magalimoto?"

Mayi Bridget anafotokoza kuti madalaivala ali ndi bungwe lawo pa siteji iliyonse, ndipo amapita kumene kuli anthu okwera ngati msewu ukulola. Anati m'mudzi muli komiti ya chitukuko, ndipo khansala alipo kuti azimva zinthu ngati zimenezi, koma onsewo sagwedezeka ndi munthu mmodzi wodandaulira m'nyumba mwake. Mayi Phyllis anabwerera kwawo osasangalala. Ankayembekezera mankhwala kapena galimoto ya chipatala, koma anapatsidwa ntchito ina pamwamba pa imene anali nayo kale.

Anakhala nazo mumtima kwa masabata angapo. Tsiku lina Lachinayi, pa msonkhano wa amayi a Chigwirizano, itafika nthawi yotchula zofuna kupempherera, anaimirira n'kunena kuti iwo sakupempha pemphero lokha. Anafotokoza za ulendo wa pa tala monga mmene unalili. Atakhala pansi anaimirira mayi Grace, mmodzi wa obwera a m'mapuloti, amene ankagwira ntchito yokonza m'maofesi m'tauni. Anati abwana awo awachenjeza kale chifukwa chochedwa, ndipo akachedwanso ntchito itha. Wina anati mwana wake wamkazi wa ku sekondale amafika kusukulu phunziro loyamba litatha. Wina anakumbutsa za mtsikana amene anachirira pansi pa mtengo wa mango, asanafike n'komwe pa tala. Amayi a m'mudzi ndi a m'mapuloti, amene nthawi zambiri ankangopatsana moni wa pamsewu, anapeza kuti akhala akuvutika ndi chinthu chimodzi.

Mayi Grace ndi mayi Phyllis anapita limodzi kwa wapampando wa komiti ya chitukuko, ndipo msonkhano unaitanidwa pabwalo la sukulu. Woyambawo sunaphule kanthu. Eni mudzi ankati obwera ndi amene awononga msewu ndi malole a njerwa. Obwera ankati eni mudzi anagulitsa malo osasiya njira yokwanira. A Aaron anati ntchito ya misewu ndi ya boma, munthu wamba asadzipweteke. Madalaivala sanabwere n'komwe. Mayi Phyllis anafika kunyumba mutu ukuwawa, n'kupeza amuna awo atadzithira tiyi pamalaya poyesa kumwa okha. Anawasintha malayawo, ndipo anatsala pang'ono kuzisiya zonse.

Mayi Grace ndi amene anakana zosiyazo. Loweruka lotsatira anawatenga mpaka pa siteji ya Mpingu kukafuna wapampando wa madalaivala, bambo wina wathupi dzina lake Zikani. Poyamba anawalankhula ali chiimire, makiyi ali m'manja. Atamva kuti wodwala wa pachikuku uja ndi a Henderson, anakhala pansi. Anati aphunzitsiwo anamuphunzitsa sitandade 6, ndipo iye wakhala akuwadutsa pa tala paja osawazindikira, chifukwa dalaivala akaona chikuku sayang'ananso nkhope.

Komabe sanalonjeze zakumwamba. Anafotokoza mbali yawo: mwini galimoto amafuna zake madzulo aliwonse, mafuta akusowa, ndipo minibasi ikathyoka sipuling'i pakhwawa paja amene amachotsedwa ntchito ndi dalaivala. Ananenanso chinthu chimene amayiwo sanachiyembekezere.

"Mayi, si ife tokha. Ndikaima kuti ndikweze wodwala, amene amayamba kukuwa ndi okwera, anthu a m'mudzi mwanu momwemo. Mukonze khwawa, mutipatse malo otembenukira, ndipo muwauze anthu anu kuti wodwala akamakwera azikhala chete. Mukatero ine ndibweretsa galimoto."

Pa msonkhano wachiwiri a Zikani anabwera n'kunena mawu omwewo pamaso pa onse. Anthu ena anayang'ana pansi, pakuti ankadziwa zimene pakamwa pawo panatulutsapo m'minibasi. Kukangana kuja kunachepa, popeza tsopano panali ntchito yooneka ndi maso. Anagwirizana kuti Loweruka lililonse m'mawa azikumana pakhwawa. Eni ngolo anatuta miyala, obwera ena anapereka simenti ndi mapaipi, ndipo mpingo unalola kuti bwalo la kutsogolo kwa tchalitchi likhale potembenukira. Komiti inapita kwa khansala kukapempha galeda yosalaza msewu.

Sizinayende msanga. Loweruka lina ankabwera anthu ambiri, lina ochepa kwambiri, makamaka nthawi yokolola. Galeda ija inalonjezedwa, n'kulephereka, n'kulonjezedwanso. Bambo wina anakana kusuntha mpanda wake umene unalowa mumsewu, mpaka akuluakulu a mpingo anachita kumupitira kangapo. Mayi Phyllis ankawongola mkono wa amuna awo m'mawa, n'kupita kukasenza miyala, n'kubwerera kudzaphika, madzulo n'kuwongolanso mkono. Anaonda, ndipo anthu ena ankawaseka kuti asanduka kapitawo wa misewu. Ngakhale a Aaron, ataona kuti ntchito ikupitirira popanda iwo, tsiku lina anatulukira ndi wilibala yawo.

Galeda inabwera chilimwe chili pakati. Patapita masabata ochepa, minibasi yoyamba inalowa kwa Kachiwala, n'kutembenuka pa tchalitchi ili yopanda munthu. Anagwirizana kuti m'mawa zizilowa ziwiri, madzulonso ziwiri, ndipo mpando wakutsogolo ukhale wa odwala, okalamba ndi amayi oyembekezera. Sizinali zokwanira mudzi wonse. Masiku ena galimoto inkachedwa, ndipo mafuta akasowa sinkabwera n'komwe, anthu n'kuyambanso wapansi. Koma masiku ambiri inkabwera, ndipo mayi Grace ntchito yawo sinathe.

Chovuta chinatsala ndi a Henderson eni ake, amene ankakanabe kukwera. A Zikani anachita kubwera okha pakhomo, n'kugwada pakhonde monga ankachitira ali mwana wasukulu, n'kupepesa. Lachiwiri lotsatira anawanyamula ndi manja awo kuwakhazika kutsogolo, kondakitala n'kumangirira chikuku kumbuyo. Mnyamata wina atayamba kung'ung'udza za nthawi, amayi amene anakhala naye pafupi anangomuyang'ana, iye n'kutseka pakamwa.

Mayi Bridget anawalandira mokondwa, n'kuwapima kwa nthawi yaitali. Anati mafizo a kunyumba aja anathandiza kuti phewa lisaumiretu, ndipo mwendo ukhoza kulimba mpaka aphunzitsi kuyenda ndi ndodo. Pomaliza anapima zala. Kenako ananena mosazungulira kuti zala zauma kwambiri, ndipo sakukhulupirira kuti zidzagwiranso cholembera kapena supuni. Zikanakhala kuti sanadumphitse miyezi ija, mwina zikanatheka.

A Henderson anayang'ana dzanja lawo lofumbatalo. Mayi Phyllis anayamba kudziimba mlandu, koma amuna awo anapukusa mutu.

"Ayi, mayi. Tonse tinatopa. Tiyeni tigwire zimene zatsalazi."

Anapitiriza kupita Lachiwiri lililonse. Mvula yotsatira isanagwe, a Henderson anali akuyenda ndi ndodo kuchokera pakhonde mpaka pankhokwe, pang'onopang'ono, akukoka mwendo. Chikuku anachibweza ku mpingo, ndipo chinapita kwa mayi wina wa m'mapuloti amene anadulidwa mwendo chifukwa cha matenda a shuga. Nayenso anayamba kukwera pampando wakutsogolo uja.

Masana ena atabwerako kuchipatala, mayi Phyllis anayala mtedza pamkeka kuti ausende. Anakhala pansi n'kutsamira khoma, lichero lili pamiyendo. Asanasende wokwana dzanja limodzi, mutu unagwera paphewa, tulo n'kuwatenga. Nkhuku zinaona mpata n'kuyamba kusendera pamkeka. A Henderson anatsegula pakamwa kuti awadzutse, koma anawayang'ana kaye nkhope, n'kutseka pakamwapo. Anagwira ndodo ndi dzanja lamanzere, n'kudzikoka mpaka kuimirira. Anatsika pakhonde okha, n'kukaima pambali pa mkeka, akuingitsa nkhukuzo ndi nsonga ya ndodo mopanda phokoso, mpaka dzuwa linapendeka.

Phunziro: Mudzi ukamakula, mayendedwe sakula okha. Vuto la pamsewu limene aliyense akulipirira payekha limapweteka kwambiri odwala, okalamba ndi amayi oyembekezera, ndipo nthawi imene wodwala wataya posowa chokwera sibwereranso. Tisadikire kuti wina avulale. Tikhale pansi ndi madalaivala, komiti ya chitukuko ndi khansala, tigwire mbali imene tingathe ndi manja athu, ndipo wofooka akamakwera galimoto, ife amene takhala kale pampando timudikire modekha.